Layisensi ya TV si mphatso yochokera kwa pulezidenti

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku, koma ndinati ndiyankhe nditakhala pansi, chifukwa m'makomentimu anthu angoyamba kukokerana kuzipani. Mwafunsa kuti: popeza boma ndi limene limapereka layisensi kwa wailesi za kanema, chalakwika n'chiyani likailanda pamene wailesiyo yangokhalira kunyoza atsogoleri? Mwawonjezeranso kuti mwana sangamatukwane bambo ake akugona m'nyumba ya bambo akewo.

Pa fanizo lanulo ndi pamene ine ndasiyana nanu. Nyumbayo si ya bambo. Mafunde omwe TV ndi wailesi zimaulutsirapo ndi a anthu onse, boma linangopatsidwa makiyi kuti lisunge. Chiyambi cha layisensi sichinakhudze n'komwe ulemu wa atsogoleri. M'zaka za m'ma 1920 ku America aliyense wokhala ndi makina ankangoulutsa pomwe wafuna, masiteshoni n'kumaphimbana, womvera n'kumangomva phokoso. Mafunde ndi ochepa, awiri sangakhale pamodzi. Ndiye mu 1927 anakhazikitsa lamulo logawa mafundewo, ndipo mu 1934 kunabadwa bungwe loyang'anira zoulutsa la FCC lomwe lilipo mpaka lero. Lamulo la 1934 limati wolandira layisensi azitumikira zokomera anthu, koma lamulo lomwelo limaletsanso FCC kusefa zomwe siteshoni ikufuna kuulutsa. Anthu omwe analemba lamuloli ankadziwa kuti wosunga makiyi tsiku lina adzafuna kudziyesa mwini nyumba.

N'chifukwa chake TV imagwiridwa mosiyana ndi nyuzipepala. Mu 1969 khoti lalikulu la ku America linavomereza kuti boma likhoza kukakamiza wailesi kupereka mpata woyankha kwa munthu amene wanenedwa, chifukwa mafunde ndi ochepa. Patangopita zaka zisanu, mu 1974, khoti lomwelo linakana kuti nyuzipepala ya Miami Herald ikakamizidwe zofananazo. Pepala aliyense akhoza kusindikiza lake, mafunde ayi.

Musandimve molakwa ngati ndikunena kuti TV izingoulutsa chilichonse. Amene amati ufulu wolankhula ulibe malire sanamvepo za RTLM ya ku Rwanda, wailesi yomwe mu 1994 inkatchula mayina a anthu ndi komwe abisala kuti akaphedwe. Mmodzi mwa omwe anaiyambitsa, Ferdinand Nahimana, khoti la United Nations linamupeza wolakwa mu 2003, ndipo palibe munthu wanzeru amene angati ufulu wake unaphwanyidwa. Kumema anthu kuti akaphe anzawo, kuonetsa zolaula ana ali maso, kunamizira munthu mlandu, zonsezi malamulo ake alipo ndipo ayenera kugwira ntchito. Ku Britain bungwe loyang'anira zoulutsa la Ofcom limafuna kuti nkhani za pa TV zisamakondere mbali imodzi. Mu 2019 linalipiritsa RT, TV ya boma la Russia, chindapusa cha mapaundi 200,000 pa mlandu umenewu, kenako mu March 2022 linailanda layisensi. Mukhoza kugwirizana nazo kapena ayi, koma lamulo linalembedwa kale, zifukwa zinalembedwa poyera, ndipo RT inapita kukhoti kukatsutsa chindapusacho n'kukagonja. Chimene mulibe m'ndandanda umenewu ndi mlandu wa "wakhumudwitsa bwana".

Tsono boma lililonse limadziwa kuti silinganene poyera kuti tatseka chifukwa atinyoza. Limafunafuna chifukwa chovala taye. Chodziwika kwambiri ndi chakuti layisensi yatha.

Ku Venezuela, RCTV inkaulutsa kuyambira 1953. Pulezidenti Hugo Chávez ankaiimba mlandu wothandizira anthu omwe anamuchotsa pampando kwa masiku awiri mu April 2002, ndipo kunena zoona, masiteshoni akuluakulu a kumeneko sanachite bwino masiku amenewo. Koma m'malo moitengera kukhoti, iye anangolengeza yekha kuti layisensi yake sidzawonjezeredwa. Usiku wa pa 27 May 2007 RCTV inazima, malo ake n'kutengedwa ndi siteshoni ya boma. Masiteshoni ena omwe anachita zomwezo mu 2002 koma pambuyo pake n'kufewetsa mawu anasiyidwa. Mu 2015 khoti loona za ufulu wa anthu m'maiko a ku America linagamula kuti boma linalakwa, koma chigamulo chinabwera siteshoni itazima zaka zisanu ndi zitatu.

Ku Philippines zinayenda chimodzimodzi. ABS-CBN ndiyo inali TV yaikulu kuposa zonse m'dzikolo. Pulezidenti Rodrigo Duterte anali nayo mangawa chifukwa ankati sinaulutse mauthenga ake ena a kampeni ya 2016 omwe analipira, ndipo ankanena poyera kuti adzaona kuti yatsekedwa. Chilolezo chake chinatha pa 4 May 2020, mawa lake inazima, ndipo mu July komiti ya nyumba ya malamulo inavota 70 kwa 11 kukana kuipatsa china. Anthu masauzande anachotsedwa ntchito pakati pa mliri wa Covid-19, ndipo madera akumidzi omwe ankadalira siteshoniyi pa machenjezo a mphepo zamkuntho anatsala opanda pomvera. Pamapepala zonse zinali bwinobwino. Layisensi inathadi.

Ku Zambia, Prime TV inalandidwa layisensi mu April 2020, patangopita masabata ochepa mwini wake atakana kuulutsa mwaulere mauthenga a boma a Covid-19 ponena kuti boma lili ndi ngongole kwa nyumba zoulutsira nkhani. Bungwe loyang'anira zoulutsa la IBA linati likuteteza bata ndi chitetezo cha anthu. Mu August 2021 boma litasintha pa chisankho, bungwe lomwelo linabweza layisensiyo masiku ochepa chabe. Ndiye mundiuze, achimwene, chitetezo chomwe chinali pachiopsezo chija chinali cha ndani?

Ku Kenya sanavutike n'kufufuza chifukwa. Pa 30 January 2018, tsiku lomwe mtsogoleri wotsutsa boma Raila Odinga ankadzilumbiritsa ku Uhuru Park ngati "pulezidenti wa anthu", akuluakulu a boma anapita ndi apolisi ku Limuru komwe kuli makina otumizira mafunde, n'kukazimitsa Citizen TV, NTV ndi KTN. Khoti linalamula kuti atsegule, boma linazengereza masiku angapo lisanamvere.

Koma izi ndi zooneka, ndipo zooneka sizindiopsa kwenikweni. TV ikazima aliyense amaona, anthu amakwiya, maloya amathamangira kukhoti. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi pamene TV ikuwala bwinobwino, owerenga nkhani atatchena, koma mkati mwake yafa kale.

Taganizirani mkonzi wa nkhani nthawi ili cha m'ma 5 koloko madzulo, nkhani ziyamba 7. Mtolankhani wabweretsa nkhani ya katangale ku unduna wina, zikalata zonse zilipo. Foni ikulira, ndi mwini siteshoni. Sakunena kuti musaulutse. Akungofunsa kuti, kodi nkhani ija mwaitsimikiza bwino? Kenako, ngati wangokumbukira, akuti paja chaka chamawa tikukapempha layisensi yatsopano, ndiponso unduna womwewo ndi umene umatipatsa malonda ambiri. Basi, wadula. Mkonzi akuyang'ana anthu khumi ndi asanu omwe akudikira malipiro mwezi ukatha, akutenga nkhani ija n'kuti tiyembekeze kaye mbali yawo. Mbali yawoyo siidzabwera. Palibe lamulo laphwanyidwa, palibe kalata yalembedwa, ndipo mukakafunsa nduna idzakuuzani mosanama kuti sinaletse aliyense. Mwezi wotsatira foni siifunikanso kulira, mkonzi wadziwa yekha pomwe pali minga.

Musaganize kuti izi ndi za maiko osauka okha. Pulezidenti wa America Richard Nixon anajambulidwa mawu mu ofesi yake mu September 1972, nkhani ya Watergate (yothyola ofesi ya chipani chotsutsa) itayamba kutentha, akunena kuti a nyuzipepala ya Washington Post, omwe ankaifukula, aona mavuto chifukwa ali ndi masiteshoni a TV omwe adzafunika layisensi yatsopano. Patangopita miyezi yochepa, anthu ogwirizana naye anakatsutsa malayisensi a masiteshoni awiri a kampaniyo ku Florida, ya ku Jacksonville ndi ya ku Miami. Sanapambane, koma taonani nzeru yake: nyuzipepala sakanaikhudza, ndiye anakagwira pomwe panali chingwe.

China cha ku America komweko ndi cha Jimmy Kimmel mu September 2025. Iyeyu amachita pologalamu ya nthabwala usiku pa ABC, ndipo analankhula mawu omwe anakwiyitsa anthu ambiri okhudza munthu amene ankaganiziridwa kuti anapha Charlie Kirk, wolimbikitsa ndale za chipani cholamula. Pa 17 September wapampando wa FCC, Brendan Carr, ananena poyera kuti nkhaniyi ikhoza kuthetsedwa mwa njira yofewa kapena yowawa. Tsiku lomwelo makampani awiri omwe ali ndi masiteshoni ambiri oulutsa za ABC, Nexstar ndi Sinclair, anati sazionetsanso pologalamuyo, ndipo ABC inaiimitsa. Chofunika kudziwa n'chakuti Nexstar inkafuna chilolezo cha FCC yomweyo kuti igule kampani ina, Tegna, pa mtengo wa madola 6.2 biliyoni. Makampaniwo anati anachita mwa kufuna kwawo, ndipo mwina n'zoona, koma inu mukanakhala ndi pempho la ndalama zimenezo patebulo la munthu amene wangolankhula zotere, mukanatani? Kimmel anabwerera pa 23 September anthu atachita phokoso. Palibe layisensi ngakhale imodzi yomwe inalandidwa. Sinafunike kulandidwa.

Chinandisangalatsa pa nkhaniyi ndi Ted Cruz, senata wa chipani chomwecho cholamula, yemwe sakonda Kimmel ngakhale pang'ono. Anati mawu a Carr akufanana ndi a zigawenga za mafia, ndipo anachenjeza anzake kuti chipani china chikadzalowa chidzagwiritsa ntchito chikwapu chomwecho pa iwo. Anthu a m'gulu muno amene mukuombera m'manja siteshoni ikatsekedwa chifukwa choti ndi ya "anthu aja", mvetserani pamenepa. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Mphamvu yomwe mukupatsa boma lero simukupatsa munthu amene mumamukonda, mukupatsa mpando, ndipo pampandopo padzakhala wina.

Pena kuletsa kumangosanduka nthabwala. Kuyambira 1988 mpaka 1994 boma la Britain linaletsa TV ndi wailesi kuulutsa mawu a atsogoleri a chipani cha Sinn Féin ndi magulu ena a ku Northern Ireland. Lamulolo linaletsa mawu okha, osati nkhope. Ndiye atolankhani ankaonetsa Gerry Adams, mtsogoleri wa Sinn Féin, akulankhula, milomo ikugwedera, koma mawu ake akunenedwa ndi wochita zisudzo wolembedwa ganyu, liwu ndi liwu. Anthu anamva zonse zomwe boma linkabisa, kungoti m'mawu a munthu wina.

Mwina mufunsa kuti, nanga tidziwa bwanji kuti apa lamulo likugwira ntchito, apa ndi ndale? Ine ndimayamba ndi kuona amene amasankha ndi kuchotsa akuluakulu a bungwe loyang'anira. Ngati munthu mmodzi akhoza kuwachotsa m'mawa uliwonse wadzuka molakwika, bungwelo ndi mthenga wake basi, ngakhale lilembe mawu oti "loima palokha" pachikwangwani. Kenako ndimaona ngati mlandu womwewo umagwiranso siteshoni yoyamikira boma. Zikakhala kuti masiteshoni asanu ali ndi ngongole ya layisensi koma yotsekedwa ndi imodzi yokha, yomwe inaulutsa zionetsero sabata yatha, musandiuze za ngongole. Chilango nachonso chimanena zambiri, chifukwa pali chenjezo, pali kulamula kuti apepese, pali chindapusa, ndipo wothamangira kutseka osadutsa monsemu cholinga chake si kukonza.

Kuti musati ndikungodandaula, chitsanzo chabwino chilipo. Malamulo aakulu a dziko la South Africa, mu gawo 192, amalamula kuti bungwe loyang'anira zoulutsa likhale loima palokha. Mu 2016, chisankho cha makhansala chikuyandikira, mkulu wa wailesi ya boma ya SABC, Hlaudi Motsoeneng, analetsa kuonetsa zithunzi za zionetsero zomwe anthu akuwononga katundu. Bungwe loyang'aniralo, ICASA, linalamula wailesi ya bomayo kuti ichotse chiletsocho, ndipo atolankhani omwe anachotsedwa ntchito chifukwa chotsutsa chiletsocho khoti linawabwezera. Apa woyang'anira anateteza owonera kwa wailesi ya boma lenilenilo. Ntchito yake n'imeneyo.

Wina wakomenta kuti zonsezi n'zachikale popeza masiku ano tili ndi YouTube ndi Facebook. Pang'ono akunena zoona. RCTV ndi ABS-CBN zinayesa kupitiriza kudzera njira zina, ndipo ku America komweko CNN ndi Fox News sizidalira layisensi ya FCC chifukwa zimayenda pa kebo. Koma agogo omwe alibe foni ya intaneti, ndi banja lomwe bando yake imatha pakati pa mwezi, nkhani amazipeza pa TV ndi wailesi zaulere, ndipo ndi anthu amenewa omwe andale amawawerengera mavoti. Komanso intaneti nayo ili ndi switchi yake. Ku Uganda mu January 2021 anayamba n'kutseka Facebook, ndipo usiku woti mawa kuli chisankho anazimitsa intaneti yonse kwa masiku angapo.