Yankho la amayi aang'ono pa za kunenepa ku koleji

Halo, ikujambula kodi? Eya, yayamba. Moni nonse pagulu pano. Agogo, mwaswera bwanji kumeneko? Achemwali, ndaona munandiimbira kawiri masana, ndinali mu wodi, ndikuimbirani ndikafika kunyumba. Pano ndimuyankhe kaye mwana wathuyu. Poti wafunsira pagulu, ndiyankhira pagulu pomwepa, mwina azing'ono ake atolapo kanthu.

Iwe mwanawe, uthenga wako ndawerenga. Ukuti mnzako wa kutchalitchi uja anapita ku koleji ali ngati bango, wabwera ku holide masiketi onse akukana, ndiye ukuopa kuti ukakafika ku Chanco, yunivesite ya ku Zomba ija, nawenso zikakugwera. Ukufunsa kuti uzikadya chiyani, komanso ngati ndi bwino kusiya nsima. Ndaonanso amalume ako ayankha kale kuti kunenepa ndi madalitso, usamadandaule zopanda pake. Amalume, ulemu wanu ulipo, koma amene amakuyezani BP ndine, ndiye tisayambane pagulu.

Nsima usasiye. Ndayamba ndi pamenepo dala chifukwa atsikana ambiri amathamangira kumeneko. Nsima yomweyo wakhala ukudya kuyambira uli kumbuyo kwa mayi ako, kawiri pa tsiku, ndipo thupi lako ndi limene uli naloli. Ndiye ikanenepetse bwanji chifukwa choti wasamukira ku Zomba? Ine ndinapita ku sukulu ya unamwino ndili ndi makilo 54, chaka choyamba chisanathe ndinali pa 62, yunifolomu mpaka ndinakapereka kwa telala kuti awonjezere m'mbali. Achemwali mukukumbukira, munandiseka pa Khirisimasi ija. Nsima sindinawonjezere ngakhale mtanda umodzi. Chimene chinasintha n'chakuti ndalama inali m'manja mwanga koyamba, ndipo panalibe munthu wondiuza kuti nthawi yakudya yakwana kapena yatha.

Taganiza za tsiku lako kunyumba. Umadzuka, kusesa, kukolopa, kuchapa pamanja, kuyenda wapansi kupita kusukulu ndi kubwerera, kutumidwa kuchigayo. Sunaziwerengepo ngati masewera olimbitsa thupi, koma ndiwo amenewo. Kudyanso kuli ndi nthawi yake, ndipo wopakula ndi mayi ako. Ku koleji zonsezi zimatha tsiku limodzi. Umachoka pabedi, kukakhala m'kalasi, kukakhala mu laibulale, kubwerera pabedi ndi foni.

Ndiye pamabwera nkhani ya ndalama, ndipo apa ndipamene ndikufuna umvetsetse. Kaya ndi ya upkeep ya ngongole ya boma ija, kaya ndi imene bambo ako azikutumizira pa Airtel Money kapena Mpamba, imabwera kamodzi. Sabata yoyamba munthu umakhala bwana: chipsi ndi nkhuku masana, chipsi ndi mazira madzulo, Fanta pambali, kugulirako mesho wako, mnzako wogona naye chipinda chimodzi. Sabata yachitatu ndalama yatha, umadya kamodzi pa tsiku, ndipo chimene ungakwanitse ndi mandasi awiri ndi tiyi wa shuga wambiri kuti m'mimba mukhale chete. Ona tsono, pokhala ndi ndalama wadya mafuta, posowa ndalama wadyanso mafuta ndi shuga. Ndiwo zamasamba ndi nyemba sizinaoneke mwezi wonse. Ndi chifukwa chake umapeza wophunzira akudandaula njala koma buluku likumuthina, ndipo sakunama mbali zonse ziwiri.

Pa chiwaya paja ndikuuze masamu ake. Mbatata ya kachewere payokha si vuto, ukaiphika ndi tomato ndi anyezi ndi chakudya chabwino. Koma ikalowa m'chiwaya imamwa mafuta. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi ma calorie 9, umenewo ndi muyeso wa mphamvu ya m'chakudya, pamene ya ufa kapena shuga ili ndi 4. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ndi ma calorie pafupifupi 120, ndipo kuti uwotche amenewo uyenera kuyenda mwandawala pafupifupi theka la ola. Supuni imodzi yokha. Ndiye kumbukira mmene mbale ya chipsi imanyezimira, ndi kamafuta kaja wogulitsa amathira pamwamba pa kabichi ngati bonasi. Zigege ndiye zoposa, chifukwa ufa wokutira uja uli ngati siponji. Sindikuti usadzalaweko, ungakhale Mmalawi wanji. Koma chipsi chikhale cha Loweruka, chisakhale ndiwo ya tsiku ndi tsiku.

Zakumwa ndiye zimabera anthu mwakachetechete chifukwa sizikhutitsa. Botolo laling'ono la Coca-Cola, la 300ml lija, lili ndi shuga wopitirira magalamu 30, ndiye kuti masupuni aang'ono pafupifupi 8. Ungathire masupuni 8 mu kapu imodzi ya tiyi mayi ako akuona? A bungwe la WHO, loona zaumoyo pa dziko lonse, amati munthu wamkulu asapitirire masupuni aang'ono pafupifupi 12 pa tsiku lonse, ndipo akatsikira pa 6 ndiye bwino kwambiri. Botolo limodzi, kuphatikiza tiyi wam'mawa wa masupuni atatu, kuphatikiza Sobo wa kuchipinda, wadutsa kalekale. Ukamamwa botolo limodzi tsiku lililonse pamwamba pa chakudya chako cha nthawi zonse, pa miyezi iwiri ndi pafupifupi kilo imodzi ya mafuta m'thupi. Ndipo amalume ako asakuuze kuti shuga wathu ali ndi vitamin A. Alidi naye, anaikamo kuti athandize ana ndi amayi, koma shuga ndi shuga basi. Gula botolo lako lamadzi uzinyamula m'chikwama.

Pepani, inadula, wina amaimba. Ndikupitiriza.

Ndimanena za zakumwa. Palinso zija za m'zitini amati zopatsa mphamvu, zimene ophunzira amamwa nthawi ya mayeso kuti asagone. Mmenemo muli shuga ndi caffeine. Ndipo kusagonako pakokha kumanenepetsa, izi anthu sakhulupirira. Munthu akagona maola anayi kapena asanu, m'thupi mumachuluka hormone yotchedwa ghrelin imene imaitana njala, ndipo ina yotchedwa leptin, imene imauza ubongo kuti wakhuta, imatsika. Ife a ntchito ya usiku timazidziwa bwino. Ukachoka pa naiti sulakalaka mpiru, umalakalaka buledi wa majarini ndi chilichonse chokazinga. Ndiye zowerenga mpaka 3 koloko m'bandakucha, uku ukutafuna mabisiketi, zichepe. Werenga masana pakati pa makalasi, ugone maola 7 kapena 8. Mutu umagwiranso bwino.

Tsono uzidya chiyani? Magulu asanu ndi limodzi aja munaphunzira ku pulayimale sanali a mayeso okha: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso, ndi zamafuta. Sikuti zonse zipezeke pa mbale imodzi, koma tsiku likamatha ukhale utakhudzako ambiri. Mbale yako uziiona chonchi: theka likhale masamba, theka linalo ugawe pawiri, kwina nsima kapena mpunga, kwina nyemba, usipa, dzira kapena soya pisi. Mitanda iwiri yapakatikati yakwana kwa munthu amene akukhala pampando tsiku lonse. Ukapeza mgaiwa ndiye bwino kuposa ufa woyera, umakhalitsa m'mimba chifukwa gaga akadali momwemo.

Ndipo iwe uli ndi mwayi, ukupita ku Zomba. Msika wa Zomba susowa kanthu. Masamba a mtundu uliwonse, bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, therere, matemba a ku Chilwa, mpunga wolimidwa konko, nandolo, nthochi, mapeyala nyengo yake. Ukakwera msewu wa Ku Chawe anyamata amagulitsa ma strawberry m'mbali mwa msewu, ife a ku Lilongwe timangowaona mu shopu pa mtengo wolira nawo. Ndalama ikangolowa, usanagule bandulo, usanagule chilichonse, pita kumsika ugule zosaola: nyemba, mpunga, ufa, usipa wouma, mtedza, soya pisi. Masamba ndi tomato uzigula pang'onopang'ono. Ukatero, sabata yachitatu ija ikafika udzakhala ndi chophika.

Ngati ukakhale ku Chikanda kapena nyumba ina ya lendi kunja kwa kampasi, kuphika n'kosavuta, kaya pa mbaula kaya pa hotipuleti magetsi akakhalapo. Ngati wapeza malo mu hositelo, funsa kaye malamulo awo pa zophika, usakalandidwe katundu sabata yoyamba. Mulimonsemo, gwirizana ndi mesho wako kapena anzako awiri atatu, muzisonkha ndi kuphika mosinthana. Nyemba uziviika usiku, m'mawa zimapsa msanga ndipo makala sawonongeka. Mafuta uziyeza ndi supuni, osapendeketsa botolo ngati ukuthirira dimba. Masamba otendera ndi nsinjiro safunanso mafuta ena, agogo anakuphunzitsa kale zimenezo.

M'mawa usatuluke chopanda kanthu m'mimba. Amene amadumpha kadzutsa ndi amene 10 koloko amapezeka pa mzere wa mandasi. Phala la mgaiwa la nsinjiro, Likuni Phala, mbatata yophika, chinangwa, dzira lowiritsa ndi nthochi, chilichonse mwa izi chikufikitsa masana. Mbatata ukhoza kuphika usiku n'kunyamula m'kontena. Anzako ena adzakuseka kuti ndiwe wakumudzi, makamaka poti ndiwe yearo, wa chaka choyamba, ndipo ukufuna kuoneka wotsogola. Aseke. Pofika chaka chachiwiri ndi omwewo adzakupemphe.

Za kuyenda sindichulutsa. Kabaza akhale wa tsiku la mvula kapena pamene wachedwa mayeso. Masiku ena yenda. A WHO omwewo amati mphindi 150 pa sabata, ndiye kuti theka la ola masiku asanu, ndipo kuchoka ku Chikanda kupita m'kalasi ndi kubwerera, kuwonjezera ulendo wa kumsika, wakwanitsa kale zambiri. Unkasewera netiboli ku sekondale, kalembetse timu ukangofika, usadikire kuti uzolowere kaye chifukwa kuzolowerako ndi kumene kumakhazika anthu pansi. Loweruka lina kwerani phiri ndi anzako mpaka ku damu la Mulunguzi. Pagulu, masana, osati wekha.

Pali china chimene mabuku sanena kwambiri. Miyezi yoyamba udzasowa kwanu. Udzalandira pepala loyamba uli ndi 45 iwe unazolowera kukhala nambala wani, udzakhala m'chipinda wekha mtima uli pansi, ndipo phazi lidzakutengera ku tuck shop. Ine makilo anga aja theka lake anali a kusungulumwa. Ukadziona ukudya usanamve njala, ndiimbire, kapena imbira mayi ako, kapena tuluka ukacheze. Za mowa ndingonena kuti nawonso uli ndi ma calorie 7 pa galamu, pafupi ndi mafuta, ndipo umayenda ndi kanyenya. Ndaima pomwepo poti bambo ako ali pagulu pano. Zina zokhudza mankhwala amene amatha kusintha thupi la mtsikana ndikuuza kumbali, tikhala awiri usananyamuke.

Tsono mbali inayi, ndipo achemwali mumvetsere nanunso. Sindikufuna mwanayu apite ku Zomba akuopa chakudya. Uli ndi zaka 18, thupi lako likadakhwima, chiuno chidzatambasuka pang'ono, makilo awiri kapena atatu akabwera si matenda. Ku America ali ndi dzina lake, amati Freshman 15, kutanthauza mapaundi 15, pafupifupi makilo 7, koma akawayeza ophunzira enieni ambiri amapezeka kuti awonjezera ochepera pamenepo. Chimene ndimaopa ine ndi atsikana amene amadzimana chakudya, kumwa madzi a mandimu okha, kapena kugula matiyi ochepetsa thupi amene amatsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ambiri mwa matiyi amenewo ndi otsegula m'mimba basi. Chimatuluka ndi madzi, mafuta ali pomwepo, munthu n'kukomoka m'kalasi. Mtsikana amataya magazi mwezi ndi mwezi, akasiya nyemba, masamba ndi nsomba magazi amachepa, kenako chizungulire, kuwerenga osalowa. Ndipo ukaona ukuonda popanda chifukwa, kapena ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, usasangalale kuti thupi likubwera bwino, pita ku kiliniki akakuyeze.

Chifukwa chimene sindikugwirizana ndi amalume ako n'chakuti m'banja mwathu muno shuga ndi BP zilimo. Agogo akumwa mankhwala tsiku lililonse, ndipo ife ku chipatala tikuona anthu a zaka za m'ma 30 akubwera ndi matenda amene kale tinkati ndi a nkhalamba. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa akazi asanu alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi muno, mmodzi ndi wonenepa kupitirira muyeso, ndipo m'tauni chiwerengerocho n'chokwera kuposa kumudzi. Makilo amene umatola pa zaka 19 savuta kubwera, koma kuchoka kwake ndifunse ine.

Sikelo usagule. Tenga chingwe, uyeze kutalika kwako kuchokera kumutu mpaka kuphazi, udule, upinde pawiri. Chingwe chopindacho chizikwana kuzungulira mimba yako cha pa mchombo. Uziyesa kamodzi pa mwezi, osati tsiku lililonse. Kapena sankha jinzi imodzi imene ikukukwana bwino lero, ikhale mboni yako. Ikayamba kuvuta kutseka, usasiye kudya, ungobwerera m'mbuyo n'kuona kuti chalowa chatsopano n'chiyani, kawirikawiri udzapeza ndi Fanta kapena chiwaya.

Achemwali, pomulongedzera musamudzazire mabisiketi ndi Sobo ngati akupita ku boarding ya Fomu 1. Muikireni nyemba, mtedza, ufa wa mgaiwa ndi ufa wa phala. Mapoto awiri ndi kontena yonyamulira chakudya ndigula ine, ndibwera nazo Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi. Amalume, mankhwala anu atsala a masiku angati? Mundiyankhe kumbali. Basi, minibasi yanga yafika.