Za namwino amene anakukalipirani

Amayi, mwafunsa ngati mukanamubwezera mawu namwino amene anakukalipirani muli gadiyani wa apongozi anu. Ine ndikuti ayi, koma nkhaniyo musaisiye choncho.

Ndinagonapo pa chipatala china kuno ku Nkhotakota, mwana atadwala malungo. Namwino anali mmodzi usiku wonse, wodi itadzaza mpaka ena atagona pansi. Bambo wina anangolowa n'kukuwa kuti, "Iwe nesi, tabwera kuno!" Iwe? Kwa mayi woti ali ndi ana akuluakulu kwawo? Ine ndinayamba ndi "Asisita, mwaswera bwanji, pepani ndakusokonezani," buku la kuchipatala lili m'manja, ndipo anandithandiza bwinobwino ngakhale maso anali psuu ndi tulo.

Komabe kutopa si chifukwa chonyozera wodwala. Mawu aja amene anamwino ena amauza amayi ku mateniti, akuti "pochita zimenezo ndinalipo?", ndi amene amachititsa kuti ena azizengereza kunyumba mpaka kuchirira panjira. Pamene mawu akuti "agogo, khalani apa, ndikubwera" satenga ndi mphindi yomwe, ndipo mtima wa munthu umakhala pansi.

Ngati anakunyozanidi, kaonaneni ndi a matroni, kapena ofesi ya hospital ombudsman, yolandira madandaulo a odwala, yomwe imapezeka m'zipatala zazikulu za boma. Nkhani ikakhala yaikulu, bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi ndi limene limalembetsa anamwino ndi azamba, ndipo limamva madandaulo. Lemberanitu tsiku, nthawi ndi wodi yake musanaiwale, chifukwa akakufunsani zimenezo.