Akazi anga akuti ndimangodziganizira ndekha: yankho kwa achimwene a ku Makawa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Makawa amene amachita geni ya usipa wouma. Amapikula kugombe n'kukagulitsa ku Limbe. Anandipempha kuti ndisatchule dzina lake, ndipo sinditchula. Kalatayo inali yaitali, koma fupa lake ndi ili:

"Mwezi watha akazi anga anandiuza kuti ndimangodziganizira ndekha. Ndinapsa mtima, masiku awiri osawayankhula. Koma nditakhala pansi ndinaona kuti sananame. Ndikamachokera ku Limbe ndimadya kanyenya ndi tchipisi pa Liwonde, kufika kunyumba n'kunena kuti malonda sanayende. Mng'ono wanga ali ku Joni, ndimamuimbira pokhapokha ndikafuna ndalama. Ndinalumbira kuti ndisintha, koma patangopita masiku anayi ndinabwerera zomwe zija. Kodi ndi chibadwa? Munthu wa zaka 41 angasinthenso?"

Achimwene, zikomo polemba. Ndiyambe ndi za chibadwazo chifukwa n'zosavuta: ayi, si chibadwa. Munthu amene dyera lamulowa mpaka m'mafupa sakhala pansi usiku kulembera mlendo kalata yodziulula. Iye amakhala ndi zifukwa zodzaza dengu, ndipo olakwa amakhala ena tsiku lililonse. Inu muli ndi chizolowezi basi, ndipo chizolowezi chimakhala ndi malo ake, ola lake, ngakhale fungo lake. Chanucho mwachiloza nokha. Chimakudikirirani pa Liwonde.

N'chifukwa chake lumbiro lanu linafa tsiku lachinayi. Munalumbira usiku, muli pamphasa, mimba ili yokhuta, mawu a mayi a kunyumba akukubayani mumtima. Koma minibasi ikaima pa Liwonde, anyamata n'kuthamangira pawindo ndi nyama yotentha, bambo amene analumbira uja sakhalapo. Pamakhala munthu wotopa, amene wagona pamatumba a usipa, wakangana ndi ogula tsiku lonse, ndipo mumtima akuti, "Inenso ndine munthu." Dzanja limalowa m'thumba mutu usanafunsidwe. Kenako mukafika kunyumba mumadzitukwana. Kudzitukwanako ine ndilibe nako chikhulupiriro ngakhale pang'ono. Ndaona kuti manyazi amangomuphunzitsa munthu kupukuta pakamwa bwinobwino asanalowe m'nyumba.

Ndikuuzeni za ine, kuti musaganize kuti akukuyankhani ndi mngelo.

Ndili ndi mlongo wanga ku Namwera. Kwa zaka zingapo, foni ikalira n'kuona dzina lake, pachifuwa pankandithina ngati ndavala malaya a mwana. Uthenga wake ukangoyamba ndi "Achimwene muli bwanji," chala changa chinali chitayamba kale kulemba kuti, "Kuno zinthu sizili bwino." Tsiku lina ndili pa kabaza, uthenga unalowa. Ndinangoona dzina n'kubweza foni m'thumba, chifukwa wakabaza anali atayamba kukwera mlatho wa Bakili Muluzi, ndipo dzanja langa lina linagwira jumbo ya chambo. Chotero ndinakhala nawo uthengawo osauyankha kutalika konse kwa mlatho, Shire akungoyenda pansi mwakachetechete. Kanali koyamba kumva bwinobwino zimene zinkachitika m'thupi mwanga: kuthina kuja, nsagwada kulimba, ndi kamawu kena kakunong'ona kuti, "Akuthera zako." Ndinadabwa nako kamawuko. Andithera chiyani? Uthenga weniweniwo ndinali ndisanauwerenge n'komwe.

Nditatsika ndinamuimbira. Sankafuna ndalama. Ankafunsa ngati ndingapeze tsiku loperekeza mayi kuchipatala, chifukwa iye anali atawaperekeza kanayi motsatizana ndipo munda wake unali utasanduka thengo. Kanayi! Ine sindinkadziwa kuti mayi akuyendera chipatala, popeza ndinazolowera kutseka chitseko munthu asanamalize kuodira.

Musandiyamikire. Tsiku limenelo mtima wanga unali womwe uja wa dzulo lake. Chinandipulumutsa chinali kutalika kwa mlatho. Mu 1973, akatswiri awiri, John Darley ndi Daniel Batson, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa ophunzira zaubusa ku Princeton. Ankawatuma mmodzimmodzi kuti akayankhule m'nyumba ina, ena mwa iwo za Msamariya wachifundo, ndipo panjira anaikapo munthu wooneka ngati wadwala mwadzidzidzi. Mwa amene anauzidwa kuti nthawi ilipo, 63 peresenti anaima kuti athandize. Mwa amene anauzidwa kuti achedwa kale, 10 peresenti yokha. Anthu ake amodzimodzi, Baibulo lake lomwelo, chosiyana chinali liwiro. Zambiri zimene timazitcha kudzikonda zimachitika mothamanga, munthu asanadzione.

Kamawu ka pamlatho kaja ndinakalondola mpaka kwawo, ndipo kanandifikitsa ku njala ya 2002. Inunso munaiona ndi maso anu. Kwathu tinkadya gaga, ndipo ine ndinaphunzira kumeza msanga ndi kubisa kachinangwa m'thumba la kabudula. Chaka chimenecho phunzirolo linali labwino, linandisunga. Koma njala inatha, dzanja langa silinauzidwe. Linapitiriza kufumbata ngakhale m'nyumba muli matumba a chimanga. Nditazindikira zimenezi ndinasiya kudziona ngati chilombo, ndipo n'pomwe ndinayamba kumasuka pang'onopang'ono. Chanu mwina si njala. Mwina n'kuopa kuti mukaulula phindu lenileni, lidzatha pa fizi ndi sopo inu osalawako kanthu. Muchifufuze nokha, koma muchifufuze ngati mmene mumafufuzira thumba la usipa limene lalemera mokayikitsa: mwachidwi, dzanja mpaka pansi, kuti muone ngati muli mchenga.

Dokotala wina wa ku America, Judson Brewer, amene amafufuza za zizolowezi pa yunivesite ya Brown, amati chizolowezi chimayenda pa mafuwa atatu: choyambitsa, chochita ndi mphotho. Pothandiza anthu osuta fodya, iye sankayamba n'kuwaletsa. Ankawauza kuti asute, koma aike maganizo onse pa kakomedwe ndi fungo la utsiwo. Ambiri ankadabwa kupeza kuti chinthu chimene akhala akuchisirira kwa zaka n'chonunkha ndiponso chowawa mkamwa. Mutu ukadzionera wokha kuti mphothoyo ndi yaing'ono kuposa mmene unkaganizira, chilakolako chimayamba kuphwa.

Ndiye ulendo ukubwerawu musalumbire chilichonse. Mukafika pa Liwonde, kanyenya mugule ngati mukumufuna. Munthu amene wagwira ntchito kudya nyama si mlandu, ndipo ndikukayika ngati akazi anu akulirira kanyenyayo. Koma mudye muli maso. Nthuli yoyamba ikoma, palibe angatsutse. Nanga yachisanu? Ndipo makamaka mudziyang'ane minibasi ikanyamuka. Ndikuganiza kuti pofika pa Ulongwe mumakhala mutayamba kale kusula bodza lokanena kunyumba, kuyeserera nkhope ya munthu amene malonda amuvuta. Mumve mmene bodzalo limalemerera m'mimba. Muwerengere nthawi: kukoma kwa mphindi khumi, kenako ola lathunthu ndi kuposerapo mukukonza nkhani, kenako usiku wonse mukusamala kuti mwana asapeze chenje m'thumba la jekete. Inu ndinu munthu wa geni. Malonda otere mungawavomere kugombe?

Msewu womwewo umakudutsitsani m'mbali mwa nyanja ya Malombe, ndipo muziiyang'ana pawindo. Akuluakulu amakumbukira kuti m'zaka za m'ma 1980 munkatuluka chambo chochuluka, koma pofika m'ma 1990 chinali chitasowa, asodzi atatsala ndi kambuzi. Mpake kuti makomiti a m'magombe anayambira kumeneko mu 1993. Palibe msodzi amene anadzuka m'mawa n'cholinga chopha nyanja. Aliyense ankangoti, "Ndikasiya ine, mnzanga akokera." M'banja zimathanso kuyenda chomwecho: bambo abisa kakwacha, mayi aona, nawonso ayamba kumanga kawo pansonga ya chitenje, ndipo mapeto ake m'nyumba muli mabanki awiri osadziwana pamene mwana akubwezedwa kusukulu.

Tsopano za akazi anu. Masiku awiri aja munakhala chete mwina munkawerengera m'mutu zonse zimene mumachitira banja: maulendo a usiku, mwera wa mu Julayi kugombe, ngongole za mpamba. Zonsezo n'zoona. Koma mu 1979 Michael Ross ndi Fiore Sicoly a ku Canada anafunsa anthu apabanja, aliyense payekha, kuti amagwira gawo lalikulu bwanji la ntchito zosiyanasiyana za pakhomo. Pophatikiza mayankho a mwamuna ndi mkazi wake, m'mabanja ambiri ankapitirira ntchito yonse imene ilipo. Sikuti ankanama. Munthu amakumbukira thukuta lake chifukwa analimva pakhungu, pamene la mnzake amangoliona patali, mwinanso osaliona. Inu mukakhala ku Limbe masiku atatu, madzi amatungidwa, nkhuni zimapezeka, mwana wotentha thupi amaberekedwa kupita kuchipatala, koma m'buku la m'mutu mwanu masiku amenewo ndi masamba opanda kanthu.

Masamba amenewo sadzazidwa ndi kulingalira. Amadzazidwa ndi kufunsa, paja akuluakulu anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Madzulo ena, ana atagona, muwafunse mayiwo kuti, "Tsiku lija munati ndimangodziganizira ndekha, n'chiyani chinakupwetekani kwambiri?" Akayamba kuyankha, mudzamva chinthu chikukwera kukhosi, chofuna kudula mawu ndi "koma inenso." Chimenecho n'chimodzimodzi ndi dzanja la pa Liwonde lija, changosintha malo. Muchimve, muchisiye chidutse, ndipo mufunse funso lachiwiri. Funso loyamba aliyense amatha, ndi moni chabe. Lachiwiri ndi limene limasonyeza kuti yankho loyamba linalowa m'khutu. Mwina mudzamva zimene simunayembekezere. Mwina nkhani si ndalama n'komwe, koma kuti mayi awo atadwala simunafunseko ngakhale kamodzi.

Pano ndichenjeze pang'ono, chifukwa ndikudziwa kuti ena owerenga atenga mawuwa n'kuwapotoza. Chidwi chimene ndikunena si chija cha pachitsime, chofuna kudziwa za anthu kuti upeze chokamba mawa. Komanso kukana pempho si kudzikonda nthawi zonse. Kuno munthu ukangooneka ndi kampamba, abale amatuluka ngati ngumbi mvula itagwa, ndipo wogawa mpamba wonse amatseka geni n'kuvutitsa ana ake omwe. Amayi ambiri amene amandilembera vuto lawo ndi losiyana ndi lanu, achimwene: anazolowera kudzimana mpaka kuiwala kuti nawonso ali ndi mimba. Mlongo wanga masiku ano ndimamukanira ndithu zinthu zina. Kusiyana kwake n'koti ndimakana nditamva nkhani yonse, ndipo ndimanena chifukwa chenicheni.

Za zaka 41 musadandaule nazo, koma musayembekezerenso zamsanga. Phillippa Lally ndi anzake a pa University College London anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuyamba chizolowezi chatsopano, ndipo anapeza kuti chinkatenga masiku pafupifupi 66 kuti chikhazikike, ena masiku 18 okha, ena mpaka 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkagwetsa zonse. Inu munadziweruza pa tsiku lachinayi, mbewu isanamere n'komwe. Anansi athu achisilamu amakhala mwezi wathunthu wa Ramadan akumva ludzu m'kutentha kwa Mangochi kuno, madzi ali pafupi, osamwa mpaka dzuwa kulowa. Afunseni, adzakuuzani kuti ludzu limakwera, limafika pachimake, kenako limatsika lokha. Chilakolako chobisa ndalama chimateronso mukachipatsa mphindi zochepa.

Ine ndemwe ndikadagwabe. Lachiwiri lapitali mayi a kunyumba anaphika chambo, ndipo ndinangozindikira mutu wa nsombayo uli kale m'mbale mwanga, mwana wanga wamkazi akuuyang'ana. Anali atanena masana kuti akuufuna. Ndinali nditadyako kale mbali imodzi. Ndinamupatsa mbali yotsalayo, iye n'kundiseka kuti, "Adadi mwachedwa." Sananame.

Mng'ono wanu wa ku Joni ndiye poyambira posavuta, chifukwa sipafunika ndalama zambiri, kabandulo ka WhatsApp basi. Mumuimbire Lamlungu, tsiku limene simukufuna kanthu kwa iye. Mudziwiretu kuti adzayankha mwamantha, akudikira kuti mufike pa mutu wa nkhani, ndipo mwina adzafulumira kunena kuti sanalandire. Musakhumudwe, munamuphunzitsa ndinu. Mumufunse kuti amagona angati m'chipinda, amakwera chiyani popita kuntchito, komanso ngati anapeza bulangete lokwanira, chifukwa kumeneko mu Juni kumazizira kwambiri kuposa kuno. Mumufunsenso kuti usipa anaudya liti komaliza. Akatchula mwezi, inu mukudziwa kumene basi ya ku Joni imanyamukira, ndipo usipawo muli nawo m'nyumba.