Regulator ya petulo pa WRX: yankho kwa achimwene a ku Mufakose

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Mufakose mu Harare, dzina ndasunga. Ali ndi Subaru Impreza WRX ya ex-Jap, ija yobwera kuchokera ku Japan itayendapo kale, injini yake EJ20 ya turbo, anaikitsa pampu ya Walbro 255 m'thanki ndipo chiikireni galimoto ikamalira pamalo amodzi ikutulutsa utsi wakuda, mapulagi akuda bii, petulo ikumwa ngati alibe mwini. Anyamata a pagalaji awauza kuti agule regulator ya panja yosintha pulesha, aikweze mpaka 4 bar ndiye kuti mavuto onse atha komanso mphamvu ziwonjezekera. Funso lawo ndi loti agule kodi, nanga imaikidwa bwanji.

Achimwene, gulani, koma chifukwa chimene akuuzanicho si chimenecho ayi. Regulator siwonjezera mphamvu olo pang'ono. Vuto lanu panopa ndi loti pulesha yakwera kale, ndiye munthu amene akukuuzani kuti muikwezenso akufuna kukumalizitsani mapulagi basi.

Ndiyambe ndi mmene zimayendera chifukwa mukamvetsa apa zotsalazo ndi zamanja chabe. Pampu imakankha petulo kuchoka m'thanki, kudutsa pa fyuluta, kukafika pa rail pomwe pali ma injector, tizipangizo tolavulira petulo mu injini. Pampuyo sidziwa kuti injini ikufuna petulo wambiri kapena wochepa, iyo imangokankha. Wotsala amabwerera kuthanki kudzera pa payipi ya return, ndipo regulator imakhala pakhomo pa payipi imeneyi, mkati mwake muli sipuling'i ndi kachikopa kotchedwa diaphragm. Zili ngati mukamathirira dimba ndi payipi n'kupana kukamwa kwake ndi chala, mukapana kwambiri madzi amalimba kumbuyoku, mukamasula amafooka. Regulator imene inabwera ndi galimoto ili ndi kabowo kakang'ono kokwanira pampu yake yomwe ija. Inu mwaika pampu yokankha malita 255 pa ola, pa idle, galimoto ikamalira pamalo amodzi, injini ikungonyambita pang'ono, wotsalayo ndi wochuluka moti kabowo kaja sikakwanitsa kumubweza yense, pulesha n'kukwera yokha, injector ikatseguka nthawi yomwe ija ikulavula woposa muyezo. Utsi wakuda uja ndi umenewo.

Koma musanatulutse ndalama ikani kaye geji muone, osangokhulupirira ine ndili kuno. Pa ma EJ20 amenewa pulesha yoyambira ndi 3 bar, ena amati 43.5 psi ndi chimodzimodzi, ndipo imayezedwa injini ikulira koma kapayipi ka vacuum, kaja ka mpweya kochokera pa injini, mutakazula pa regulator. Mukakabwezera singano ya geji itsike ndithu ndi theka la bar kapena kuposerapo pang'ono. Ngati ikukana kutsika, kapena ili pamwamba kale, ndiye kuti nkhani ndi yomwe ndanenayi. Ngati ili bwinobwino pa 3 ndipo ikutsika, siyani za regulator, kayang'aneni MAF sensor yoyeza mpweya wolowa, O2 sensor ya pa ekizozi, kapena injector yodontha. Ndipo mukazula kapayipiko mukanunkhize, mukapeza muli petulo ndiye kuti diaphragm yang'ambika, injini ikuyamwa petulo kudzera mmenemo.

Kapayipi kameneka anthu amakaderera chifukwa ndi kakang'ono koma pa galimoto ya turbo moyo wa injini uli pomwepo. Injector imalavulira mkati mwa manifold, njira yomwe mpweya umalowera mu injini. Turbo ikayamba kuuzira, m'manifold mumadzaza mpweya wopanikizika umene ukukankha petulo kuti asatuluke. Tinene kuti kupanikizika kumeneku, komwe amati boost, kwafika 1 bar, ngati petulo wangokhala pa 3 bar ndiye kuti mphamvu yeniyeni yomutulutsa yatsala 2 yokha, pa nthawi yomwe injini ikufuna wambiri zedi. Ndiye kapayipi kaja kamatengera pulesha ya m'manifold n'kukaikankhira pamwamba pa diaphragm kuti petulo naye akwere mofanana, boost 1 bar petulo 4 bar, kusiyana kukhalebe 3. Ndi zimene amalemba pa bokosi kuti 1:1. Mukaona yolembedwa FMU kapena 6:1, 10:1, 12:1 musagule, zimenezo anapangira magalimoto omwe sanabadwe ndi turbo n'kuwaikira pambuyo pake, yanuyo ingomira m'petulo.

Za kukweza mpaka 4 bar zija, masamu ake ndi okhumudwitsa. Petulo wotuluka pa injector sakwera mofanana ndi pulesha, amatsata square root, ndiye kuchoka pa 3 kufika pa 4 mumangopeza pafupifupi 15% yowonjezera, ndipo kompyuta ya galimoto sikudziwa kuti mwasintha kalikonse, matebulo ake onse anawalembera 3 bar. Pampunso ikamakankha pa pulesha yokwera malita ake amatsika. Muganize 4 bar kuphatikiza boost, mwafika 5 kapena kuposa, ndi pomwe pampu imayamba kubanika inu mutaponda moto mu giya yachitatu. Pulesha imakwezedwa ndi munthu wa tuning amene ali ndi laputopu ndi wideband yoyezera kusakanizika kwa mpweya ndi petulo pomwepo, akudziwa chimene akufuna. Inu ikani 3 basi.

Pogula ndiye pamafunika maso. Mayina odziwika ndi monga Aeromotive, Turbosmart, Sard, Tomei, koma zonamizira mayina omwewa zadzaza paliponse, zokongola ndithu zabuluu zofiira, geji yake yomata kale, mtengo wake wotsika kwambiri. Mukazungulira masitolo a masipeya m'tauni cha ku Kaguvi Street kapena pa Gazaland ku Highfield mufunse bokosi ndi pepala lake, ndipo mufunse ngati repair kit yake imapezeka. Yoti diaphragm yake sigulitsidwa payokha ine sindiika pa galimoto ya munthu. Ambiri amaitanitsa ku Johannesburg kudzera mwa oyenda pa Beitbridge, kudikira sabata kuli bwino kusiyana ndi kugula injini ina.

Chifukwa chake ndikulimbikira pa diaphragm ndi petulo wathu wa kuno. Kuyambira 2013 petulo wa mu Zimbabwe amasakanizidwa ndi ethanol mwalamulo, wambiri amachokera ku nzimbe za ku Chisumbanje, ndipo ZERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, imalengeza mlingo wake, nthawi zina umafika E20, kutanthauza ethanol 20%, nyengo ya mvula nzimbe zikavuta kudula amautsitsa. Ethanol amadya labala wamba, amamuumitsa kapena kumufufumitsa. Ndiye regulator ikhale yolembedwa kuti imalola ethanol, ndipo payipi ikhale yolembedwa pambali pake SAE J30R9, imeneyo ndi ya fuel injection. Yolembedwa J30R7 ndi ya magalimoto a kabuleta, imaoneka chimodzimodzi, wogulitsa akuuzani kuti ndi yomweyo koma si yomweyo. Kachidutswa ka m'thanki kolumikiza pampu kamafuna J30R10 chifukwa kamakhala komira m'petulo, mufunse amene anakuikirani pampu kuti anaikapo chani. Makilampu akhale a fuel injection osalala mkati, aja amanomano a payipi ya madzi amacheka labala. China, E20 amafuna kuti injini imwe wochulukirapo ndi pafupifupi 7 kapena 8% kuyerekeza ndi petulo wopanda ethanol, galimoto yanu inapangidwira petulo wa ku Japan, ndiye mlingo ukasintha pa filling station musathamangire sipanala kukapotokola regulator, imeneyo ndi ntchito ya kompyuta.

Tsopano kuika. Injini ikhale yozizira, panja pa mpweya, fire extinguisher pafupi, anzanu osuta fodya aja akakhale kutali. Chotsani fyuzi kapena pulagi ya pampu, lizani galimoto mpaka izime yokha, yesaninso kuliza pang'ono, tsegulani chivindikiro cha thanki kuti mpweya utuluke kenako masulani waya wa negative pa batire. Ngakhale mwatero payipi ikamasuka petulo amathovokabe, kulungani kansanza ndipo maso muwateteze.

Regulator yakale ili kumapeto kwa rail yomangidwa ndi timasikuluu tiwiri, tofewa mitu kwabasi, gwiritsani sikuludilaiva yokwana bwino muikanikize mwamphamvu musanapotokole chifukwa mutu ukangofufutika pamalo pothina paja tsiku lonse lathera pomwepo. Pamalo pake pamalowa adapter yokhala ndi O-ring, muipake kamafuta pang'ono isang'ambike polowa. Yakaleyo ichokedi, osaisiya n'kungolumikiza yatsopano kutsogolo kwake, ndimaziona zimenezi, kabowo kamene kakupana petulo kakhala kadakalipo ndiye mwangokongoletsa mu boneti.

Kuchoka pa adapter payipi ipite pa bowo la m'mbali la regulator yatsopano, la pansi ndi la return lopita kuthanki. Ambiri amasemphanitsa apa, onani pepala lake. Ngati ili ndi mabowo awiri a m'mbali, lotsalalo mutseke ndi plug yake ya O-ring. Ma fitting olumikizira payipi a mtundu wa AN-6 amatseka okha ndi kukamwa kwawo kosongoka, ndipo a O-ring amatseka ndi O-ring, thread tape sapitapo. Malo amodzi okha ofuna sealant ndi kabowo ka geji ka 1/8 NPT, ndipo pakani wa phala wolola petulo, kusiya mizere iwiri yoyambirira, chifukwa kachidutswa ka tepi kakathothoka kamakatsamira pa mpando wa regulator kapena mu injector. Imangeni ndi bulaketi pa bodi ya galimoto, kutali ndi turbo ndi downpipe, payipi muisiyire mpata woti injini ikamagwedezeka isakokeke, isakhulenso pa chitsulo chakuthwa.

Kapayipi ka vacuum katengeni pa manifold penipeni kuseri kwa throttle, kakhale kafupi ndiponso kayokhayokha. Osagawana ndi blow-off valve kapena boost controller. Mbali zonse ziwiri mumange ndi cable tie kapena kilampu, chifukwa kakangovuka muli pa boost pulesha ya petulo imagwa nthawi yomweyo, injini imapsa ndi njala, pisitoni n'kusungunuka inu musanamve kalikonse.

Mukamaliza bwezerani fyuzi ndi batire, tembenuzani kiyi pa ON osaliza, pampu ilira kanthawi kochepa n'kusiya, bwerezani kangapo uku mukupapasa polumikiza paliponse ndi kapepala koyera kouma, kadontho kamaonekera msanga pa pepala kusiyana ndi pa chala. Pa Subaru pali mapulagi awiri obiriwira pansi pa dashibodi, mukawalumikiza kiyi ili pa ON pampu imalira n'kumasiya yokha mobwereza, zimathandiza mukakhala nokha, koma muwalekanitse mukatha. Pakauma ponse lizani injini, itenthe, zulani kapayipi ka vacuum pa regulator n'kukatseka kuti injini isayamwe mpweya, masulani nati ya pamwamba, potokolani sikuluu ndi allen key, kumanga ndi kukweza kumasula ndi kutsitsa, mpaka singano ikhale pa 3 bar. Mangani nati mutagwira sikuluuyo isayende, yang'ananinso geji, bwezerani kapayipi. Mukamasula mpaka kumapeto koma singano ikukanabe kutsika ndiye kuti payipi ya return yapindika penapake kapena yachepa.

Kuno Harare tili pamtunda, mamita pafupifupi 1,500 kuchoka pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, ndiye vacuum ya pa idle imaoneka yocheperako. Mukabwezera kapayipi singano sitsika pansi kwambiri ngati mmene mumaonera pa YouTube kwa anthu okhala m'mbali mwa nyanja, musadabwe n'kuyamba kupotokolanso. 3 bar ya kapayipi kozula ndi yomweyo kaya muli Harare kaya Beira. Mageji aja okhala ndi madzi mkati nawo amanama akatentha mu boneti, singano imatsika pang'ono pulesha ili bwinobwino, ndiye muzizolowera kuwerenga pa kutentha kofanana. Komanso ma regulator ambiri a panja sasunga pulesha nthawi yaitali mukazimitsa, mmawa muziyamba mwaika kiyi pa ON kamphindi musanalize.

Chotsala ndi kuona ngati ikukweradi ndi boost, ndipo geji ya mu boneti simungaione mukuyendetsa. Musakokere payipi ya petulo mkati mwa galimoto kuti muziona geji, chonde. Pali ma sensor a magetsi omwe amatumiza nambala pa dashibodi, apo ayi kakwezeni galimoto pa dyno, makina oyendetserapo galimoto ili pamalo amodzi, wina aziyang'ana geji, boost ikafika 1 bar singano ikhale pa 4, ikayamba kubwerera pansi ma rev akukwera chotsani phazi msanga, ndiye kuti fyuluta yatsekeka kapena waya wopita ku pampu ndi wochepa mphamvu ofunika relay yakeyake. Za kuyesera liwiro mu Seke Road kapena Bulawayo Road usiku ayi achimwene, bwalo la mipikisano ya magalimoto la Donnybrook lilipo. Mapulagi akuda aja musinthe, oyilonso mutaye chifukwa petulo amene wakhala akusefukira uja wina watsikira mu sump, ndipo mukapita kwa wa tuning mumuuze kuti pulesha mwaika pa 3 bar komanso petulo amene muli naye m'thanki ndi wa mlingo uti.