Yankho: Squid ikulemba "No buffer space available"

Achimwene, mwati Squid yanu ya ku hostelo ku Braamfontein, pulogalamu ya proxy yomwe ophunzira amadzerapo polowa pa intaneti, imalemba uthengawu madzulo aliwonse, ndiye mukufuna kugula RAM ina. Musafulumire, ndalama za ku Joni kuno sizitoledwa pansi.

Pa Linux uthengawu ndi errno 105 (nambala ya vutoli), ndipo kawirikawiri RAM imakhala ilipo, chomwe chadzadza ndi malire ena a kernel (phata la Linux). Vuto likangoyamba, yang'anani mauthenga a kernel ndi lamulo la dmesg. Mukapeza "neighbor table overflow", ndiye kuti tebulo la ARP (mndandanda wa zipangizo zomwe makinawo akulumikizana nazo pa netiweki) ladzadza. Malire ake, net.ipv4.neigh.default.gc_thresh3, amabwera ali pa 1024 basi. Pamalo pomwe wophunzira aliyense ali ndi foni komanso laputopu pa netiweki imodzi, nambalayi siichedwa kukwana. Ikwezeni limodzi ndi gc_thresh1 ndi gc_thresh2, malire ena awiri a tebulo lomweli. Ine ndikuganiza kwambiri kuti vuto lili pamenepa.

Koma mukaona "TCP: out of memory", nkhani ndi ya tcp_mem, malire a memori yonse ya malumikizidwe a TCP. Yerekezani ndi nambala ya mem mu /proc/net/sockstat, podziwa kuti zonsezi zimawerengedwa m'mapeji, omwe pa makina ambiri ndi 4 KB, osati ma byte. Proxy imagwira masoketi awiri pa kulumikizana kumodzi, kwa kasitomala ndi kwa seva yakunja, choncho kungokweza tcp_rmem (memori yolandirira deta ya soketi iliyonse) mwachisawawa kumangomaliza memori msanga.

Muonenso ngati zimachitika magetsi akangobwera, pomwe zipangizo zonse zimalumikizana kamodzin'kamodzi. Tumizani zotsatira za lamulo la ss -s (limaonetsa chiwerengero cha masoketi) za nthawi yomweyo, tione bwinobwino.