Makatoni 13 a matailosi pa chipinda chimodzi: kodi mmisiri akuwonjeza?

Mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe wanditumizira imelo. Chipinda chawo chogona ndi cha mamita 4 mulitali ndi 3.5 mulifupi, asankha matailosi a masentimita 60 mbali zonse, ndipo mmisiri wawauza kuti agule makatoni 13. Iwo akuti atawerengera okha apeza 10. Akufunsa ngati mmisiriyo sakufuna kuwadyera.

Mayi, sakukudyerani. Masamu anu ali bwino ndithu: 4 kuchulukitsa ndi 3.5 ndi masikweya mita 14, ndipo katoni ya saizi imeneyi kawirikawiri imakhala ndi matailosi 4, okuta masikweya mita 1.44. Apo ndi pomwe mwapezera 10. Vuto ndi loti tailosi simayalidwa ngati mkeka, imadulidwa.

Tengani tepi muone. Mulitali mulowa matailosi 6 athunthu, n'kutsala mpata wa masentimita 40. Mulifupi mulowa 5, n'kutsala 50. Mpata uliwonse wotsalawo umadya tailosi yathunthu, chifukwa kachidutswa kotsala sikangakwanenso pena pansipo. Ndiye werengani mizere: 7 kuchulukitsa ndi 6, matailosi 42. Onjezani 2 osweka podula kapena m'galimoto pa mabampu, afika 44. Amenewo ndi makatoni 11. Ine njira yowerenga mizereyi ndimaikhulupirira kuposa yongowonjezera 10 pa 100 aliwonse, makamaka pa matailosi akuluakulu m'chipinda chaching'ono.

Katoni ya nambala 12 ndi ya skirting, timizere ta matailosi tomata m'munsi mwa khoma, yomwe ambiri amaiwala. Kuzungulira chipindacho ndi mamita 15. Kuchotsapo khomo atsala pafupifupi 14. Pakufunika timizere 24 ta masentimita 10, ndipo tailosi imodzi imatulutsa 5 tabwino. Katoni imodzi ipereka 20, ndipo 4 totsalato mmisiri wosamala amatitenga pa zidutswa zija.

Ya nambala 13 musaisiye, chonde. Matailosi amawotchedwa m'magulu ku fakitale, ndipo gulu lililonse limasiyanako pang'ono mtundu, nthawi zina ngakhale kukula. Pambali pa katoni pamalembedwa nambala ya gululo, yotchedwa batch kapena shade. Musanalipire, onetsetsani kuti ndi yofanana pa makatoni onse. Ndinalakwitsapo kunyumba kwanga: anandiperewera 3 pakhonde, nditabwerera kusitolo patatha mwezi ndinapeza dzina lomwelo koma gulu lina, ndipo mpaka lero dzuwa likawomba pamaoneka chigamba. Katoni yotsalayo ikani pouma, moimika, idzakuthandizani tsiku limene paipi idzafune kukumbidwa.

Mukafuna kuti awayale mopingasa ngati dayamondi, muuzeni mmisiriyo musanapite kogula. Zodula zimachuluka, ndipo pa 13 paja pangafunike ina imodzi.