Kodi ndichotse atelala anga n'kumasoketsa kwina?

Mayi ena a ku Limbe atilembera kuti ali ndi atelala asanu ndi mmodzi osoka mayunifomu a sukulu. Anzawo akuwalangiza kuti awachotse, ntchito azigawira atelala a m'makhonde kapena aziitanitsa zosokeratu ku China. Akufunsa ngati n'zanzeru.

Mayi, za ku China tisatayirepo nthawi. Mtengo umene mwauzidwawo ndi wa pafakitale. Onjezanipo sitima mpaka ku Beira kapena Dar es Salaam, thiraki, msonkho wa MRA, komanso madola amene kubanki amavuta. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo amene anali asanamalize kulipira katundu anaona zakuda. Katunduyo akachedwa n'kufika mu Okutobala, makolo amakhala atagula kale, poti sukulu zimatsegulira mu Seputembala.

Za m'makhondezo zimatheka, koma sizasi musaitulutse pakhomo panu. Nsalu ya thonje imafupika ikachapidwa, choncho iviikeni kaye, iume, kenaka mudule nokha potsata pateni ya katoni, kusiya sentimita imodzi ndi theka ya msoko. Mangani khumikhumi malinga ndi saizi, muikemo ulusi, mabatani, mazipi ndi chovala chimodzi chachitsanzo. Telala wolipidwa pa chovala chilichonse amatalikitsa msoko kuti amalize msanga. Pamene pamafunika timisoko 10 kapena 12 pa inchi, iye amaika 7, ndipo kabudula amaphulika pakati mwana akangonjuta. Pa mtolo uliwonse tembenuzani ziwiri, mukoke m'khwapa ndi pakati pa miyendo, muone ngati ovaloko (msoko wa m'mphepete woteteza nsalu kuti isamasuke ulusi) yadutsa paliponse.

Chimene anzanuwo sakukuuzani n'chakuti wa pakhonde si wanu. Likabwera diresi la ukwati, mtolo wanu amaukankhira pansi pa tebulo. Telala amene wakhala nanu zaka zisanu amamva ndi khutu kuti bobini (kachitsulo kokulungapo ulusi wa pansi m'makina) yayamba kukoka ulusi, ndipo amaikonza nsalu isanawonongeke. Luso lotere silipezeka pa ganyu. N'zoona kuti malipiro a pamwezi ndi penshoni ya 10 peresenti zimalemera miyezi imene maoda kulibe, koma kuchotsa anthu nakonso kuli ndi mtengo: lamulo la Employment Act la 2000 limafuna notisi ndiponso ndalama yolipira amene agwira chaka kapena kuposerapo. Ife tikuti sungani anthu anu, mugawe kunja makabudula ndi masiketi okha mu Julayi ndi Ogasiti, ndipo muwafotokozere bwino asanamve mphekesera.

Boma linakhazikitsa Buy Malawi Strategy, ndondomeko yolimbikitsa kugula katundu wopangidwa m'dziko muno, mu 2016, ndipo nsalu ya Mapeto ikupangidwabe ku Blantyre, koma kholo limabweranso chifukwa yunifomu yatha chaka osang'ambika. Sokererani pakolala kansalu kolembedwa dzina la shopu yanu ndi nambala ya foni, ndipo mkati mwa msoko telala aliyense aziika chizindikiro chake ndi ulusi wa mtundu wake, kuti chovala chikabwezedwa mudziwe amene anasoka.